Asiyatu ndi dziwe la kwa madamu

Tsiku limene ndinamuona koyamba Asiyatu, anali atagwada kuseri kwa nyumba, mutu wonse uli m'dishi la madzi. Mpango sanavule. Ine ndinatuluka kuti ndikataye madzi otsukira mbale, ndiye ndinangoima, beseni lili m'manja. Banja lawo linalowa m'zipinda ziwiri zakumbuyo kwanga kuno ku Mtendere ine ndili kumaliro ku Chawama, ndipo nditabwerako anthu anangondiuza kuti ambuya mwapeza maneba Achawa. Ndiye poyamba ndinati mwina ndi mapemphero awo, pajatu iwo sapemphera asanasambe. Ndinadikira. Thovu linayamba kutuluka cha m'makutumu, zala zakumapazi zikukanda dothi, munthu osadzuka. Ndinaponya beseni uko, nkumugwira mpango cha kunkhongo, nkukoka.

Anatuluka akutsokomola, madzi ali chuchuchu m'mphuno. Koma sanayambe ndi kupukuta kumaso. Anayamba wabweza mpango pamalo pake, nkubisa katsitsi kamene kanatulukira pachipumi. Kenako ndiye anandiyang'ana.

"Ambuya, mwanisokoneza. Nenze nafika pa twente."

Ndinamuuza kuti ngati watopa ndi moyo akachitire kwina, ine pa msinkhu uno sindifuna mafunso a apolisi. Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Anati sakufa ayi, amawerenga manambala atatseka mpweya, akuphunzira kusambira.

Asiyatu ndi mkazi wamfupi, wojintcha, zaka zake zangodutsa makumi atatu. Manja ake ndi okhakhala ndi sopo wa zovala za eni. Bambo ake anali telala wochokera ku Malawi, cha ku Machinga, ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Kamwala. Asiyatuyo anabadwira m'tauni muno, m'komboni ya George. Anthu kuno amaganiza kuti Mchawa aliyense anabadwira m'bwato, koma uyu madzi aakulu amene anawaonapo ndi aja amadzaza m'misewu ya ku Kanyama mvula ikalimba. Sukulu anasiya bambo ake atafa maso. Anagulitsako vitumbuwa, anagulitsako tomato, nkukwatiwa ndi ba Twaibu, amene ankazinga nkhuku ndi mbuzi pa butchala ina ya Asilamu. Ali ndi ana atatu. Chaka chatha ba Twaibu anagwa pantchito, mbali imodzi nkufa, ndipo mpeni sangagwirenso. Amakhala pampando pakhomo, mwaulemu, kupereka moni kwa aliyense ngakhale amene sayankha. Ndiye nyumba yonse imadya thukuta la Asiyatu, amene amagwira ntchito yolera mwana ku mayadi ku Kabulonga, kwa madamu Kasoma. Anasamukira kuno kuti aziyenda wapansi, asamalimbane ndi mabasi.

Nkhani ya dishi inali iyi. Kwa madamu kuli dziwe la simenti kuseri kwa nyumba, madzi ake obiriwira ngati kumwamba. Mwana amene Asiyatu amalera, kamtsikana kotchedwa Lombe, kanali katayamba kuyenda, ndipo mwana wa msinkhu umenewo amathamangira chilichonse chonyezimira. Pa yadi ina chapafupi mwana anagwera m'dziwe, wantchito wake nkumangolira m'mbali chifukwa samatha kusambira. Mwanayo anapulumuka chifukwa bambo wosamalira maluwa anali pafupi. Madamu atamva zimenezi sanagone. Anamuuza Asiyatu kuti pofika kumapeto kwa Okotobala akhale akutha kulumphira m'madzi ndi kutulutsa mwana, apo ayi adzapeza wina. Sanalankhule mwankhanza, Asiyatu mwini amatero. Anagula mpaka chovala chosambirira, nkupezanso mphunzitsi.

Chovalacho anandionetsa. Nsanza imene ndimagwirira mapoto pamoto ndi yaikulu kuposa icho. Ndipo mphunzitsi uja anali mwamuna, wophunzitsa akugwira munthu pamimba kuti asamire.

Asiyatu kuyambira ali namwali palibe mwamuna anaonapo tsitsi lake, mkono wake kapena katumba wake, kupatula mwamuna wake. Dzuwa la Okotobala liswe mtengo, iye amavala diresi lofika m'mapazi, la manja aatali, ndi mpango wophimba mpaka m'khosi. Anakafunsa kwa mayi amene amaphunzitsa akazi kumzikiti, ndipo anamuuza kuti kusambira sikoletsedwa, choletsedwa ndi kuonetsa thupi, kaya povula kaya povala nsalu yomata imene imajambula chilichonse. Ba Twaibu sanamuumirize mbali iliyonse. Anangoti ntchito ikufunika, koma iye sangauze mkazi wake kuti avule chifukwa choti iye wakhala pampando. Ndiye mkazi uja anaganiza zoyamba yekha, m'dishi, kuti mwina akazolowera kutseka mpweya zina zidzabwera zokha.

Ine ndine wa mpingo wa Dachi, wa Chigwirizano cha amayi, ndipo za Asilamu sindidziwa zambiri. Koma nanenso sindingaime pamaso pa mwamuna wa eni nditavala kansanza kaja. Ndipo kusambira ndimatha. Kwathu ku Chadiza tinkasambira m'mtsinje wa Nsadzu tili atsikana, osavala kanthu, anyamata akayandikira tinkawagenda ndi miyala. Ndinamuuza kuti akauze madamu ake kuti mphunzitsi wapezeka, wamkazi, mano ake atsala ochepa koma madzi amawadziwa. Makina osokera a pamanja ndili nawonso, ngakhale amadumpha ulusi.

Madamu anavomera. Anati tizilowa masana, bwana ali kuntchito, Lombe atagona m'nyumba chitseko chokhoma, ndipo bambo wa maluwa azikhala kugeti mpaka titamaliza.

Tsiku loyamba ndinavala pitikoti ndi sikipa yakale. Ndinali nditatha zaka makumi asanu osalowa m'madzi akuya, koma thupi silinaiwale, mawondo okha ndi amene anadandaula. Asiyatu anavala diresi limene tinasoka ndi vitenje viwiri, lalitali, mkati atavala buluku la mwana wake wamkulu. Anatsika masitepe akunong'ona mawu a Chiarabu. Madzi atafika m'chiuno, diresi linayamba kukwera. Atafika pachifuwa, linatambasuka pamwamba pa madzi ngati ambulera, iye ali pakati, msana wonse pamtunda. Munalibe munthu m'yadimo koma ine, gogo wa ng'ala diso limodzi, koma anachita manyazi ngati waima pa msika wa Soweto. Manja onse awiri anali kalikiliki kukankhira nsalu pansi, ndipo munthu amene manja ake akugwira diresi sangapalase madzi. Potuluka ndiye zinanyanya. Chitenje chonyowa chinamumata thupi lonse, chilichonse nkumaoneka malire ake. Anathamangira thaulo.

Popita kunyumba ndinali kuganiza. Ndinakumbukira makatani a kutchalitchi kwathu, amene tinaikamo timiyala m'munsi kuti mphepo isamawaulutse. Ndinapita pa galaja ya ba Dalton, amene amakonza maminibasi pamsewu, nkupempha manati akale a mawilo. Anandifunsa kuti ambuya mwagula galimoto, ndinamuuza kuti asamale zake. Ndinasokerera manati khumi ndi anayi mumpendero wa diresi lija, kuzungulira konse. Ndinadzitama ndithu.

Ndipo kumbali yosaya zinayenda. Diresi linaima chilili, osakwera ngakhale pang'ono. Asiyatu anasangalala, nkumayenda m'madzimo uku ndi uku ngati mkwatibwi. Chimene ine sindinachiganizire ndi chakuti pansi pa dziwe la anthu olemera si pofanana. Pamatsetsereka. Anaponda sitepe imodzi yoonjezera, ndipo ndinangoona mpango ukulowa pansi, munthu ali choimirira ngati mtengo wa magetsi. Sanakuwe nkomwe. Ndinamira, nkumugwira m'khwapa, koma mkazi wojintcha, vitenje viwiri vonyowa ndi manati a minibasi, ine nkhalamba sindikanatha. Ndinatuluka, nkutenga chimtengo chachitali cha neti chimene amachotsera masamba, nkumugunda nacho pachifuwa mpaka anachigwira. Masiku a m'dishi aja ndi amene anamupulumutsa. Akanakhala wina akanameza madzi nthawi yomweyo.

Anakhala pa simenti nthawi yaitali, akusanza madzi, miyendo ili ndi mabala a manati. Sanandinene. Ndikanakonda akananditukwana. Ndinamuuza ndekha kuti nzeru imene ija inali ya chitsiru ndipo chitsirucho ndine. Iye anangoti basi, akauza madamu apeze wina, mwina Mulungu sanamulembere madzi. Kenako analira, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa cha Lombe. Mwana uja anamulandira ali wa masiku asanu, ndipo mawu oyamba a mwanayo anali Siya, kufupikitsa dzina la Asiyatu.

Nkhani m'komboni sichedwa. Ba Felistus, amene amagulitsa salaula, zovala zakale za m'mabelo, pafupi ndi pampopi, anali ataona kale kuti tikumachoka awiri ndi thaulo m'chikwama. Mkazi ameneyu si woipa mtima, koma pakamwa pake sipatseka ngakhale akudya. Anayamba kuuza anthu kuti Mchawa uja amene amadzikulunga ngati mtembo kuno, ku mayadi amasamba ndi kabudula wamkati mabwana akuonerera, ndipo ambuya a Chigwirizano ndi amene amamugwirira thaulo. Mawu amenewa anafika kwa ba Twaibu pampando pawo. Kwa masiku atatu mpando unalowa m'nyumba.

Sabata yathunthu Asiyatu ankapita kuntchito ndi kubwera osatchula za madzi. Kwa madamu anali asananene kanthu, ankangoti mawa. Kunatsala masabata atatu.

M'mawa wina ndinakhala pakhomo ndikumwa tiyi, ndikuyang'ana ba Felistus akuchapa katundu wa m'belo latsopano. Anayanika vitenje, majini ndi majezi a mpira pa waya umodzi. Ndisanamalize kapu yachiwiri, majezi aja anali akuuluka ndi mphepo, ouma, pamene vitenje vikudonthabe. Ndinadzuka nkukagwira imodzi. Yopepuka ngati pepala. Ndinaiviika m'ndowa yake osapempha, nkuitulutsa, nkuiika pamkono. Sinamate. Ndikaikoka pang'ono imachoka pakhungu yokha.

Madzulo ake ndisanapite kukamuuza, Asiyatu anabwera yekha kwanga ndi kavesiti ka Lombe m'manja, kaja kokhala ndi mabatani pansi. Anati wakhala akukamanga kamwanaka tsiku lililonse osaganiza. Vesiti ya mwana sikwera kumimba ngakhale agubuduke bwanji, chifukwa ndi yomangirira pansi. Ndiye chovala sichifuna kulemera kuti chisakwere, chimangofuna kugwidwa. Anati tisoke malaya aatali, tiwamangirire ku buluku ndi mabatani cha mkati. Mwana wa telala ndi mwana wa telala. Ine ndinaika nkhani ya majezi, iye ya mabatani.

Tsopano majezi anali kwa ba Felistus. Ndinapita ndekha. Atandifunsa kuti majezi asanu aakulu ndi a chiyani, kapena ndayambitsa timu, ndinamuuza zonse mmene zilili, pamaso pa makasitomala ake. Ndinati mkazi uja akufuna kusunga ntchito osavula, mwamuna wake ndi wodwala, ndipo iwe ngati uli ndi mawu ena unene pano ine ndilipo. Anayang'ana pansi, nkuyamba kufukula m'belo. Anasankha aakulu kwambiri, nkuonjezera buluku lopepuka la othamanga. Koma ponyamuka anandiponyerabe mawu, ati tizaona ngati bakha wa m'saka asambira.

Tinasoka masiku awiri. Majezi sanali ofanana. Kutsogolo kunali kobiriwira, kumbuyo kofiira, manja achikasu, ndipo chidutswa chimene tinaonjezera kuti malaya afike m'mawondo chinali ndi nambala naini, imene inakhala ndendende pamatako. Tinayesa kuichotsa ndi mpeni, inakana. Kumutu anasoka chipewa chophimba tsitsi ndi khosi, nkuchilumikiza ku kolala kuti madzi asachivule. Mkati m'chiuno tinaika mabatani asanu ndi limodzi, aakulu a jekete, ndi tizingwe tokolera. Titamaliza tinalowa m'bafa la kuseri, ine nkumuthira ndowa ziwiri kuyambira kumutu. Ndinamuuza atembenuke, awerame, akweze manja. Ndinayang'ana ndi diso langa labwino. Panalibe choona. Anangooneka ngati thumba la makala lopakidwa utoto.

Ba Twaibu atamuona anaseka koyamba chisamukireni kuno, kuseka kwa mbali imodzi ya kukamwa. M'mawa mwake mpando unatulukanso panja.

Kuyambira pamenepo tinkalowa m'madzi tsiku lililonse kupatula Lachisanu, tsiku lawo la mapemphero, ndi Sande. Kubwerera m'dziwe muja atamira kunali kovuta. Tsiku loyamba anangoima pa sitepe yachiwiri ola lathunthu. Sindinamunyengerere. Ndinamuuza kuti Lombe akagwa sadzadikira kuti mantha ake athe. Ndinamuphunzitsa kusambira kumene ndimadziwa, kwa galu, mutu pamwamba, manja akukumba, miyendo ikumenya. Zija za pa TV zotambasula manja ine sindizidziwa. Anamwa madzi ambiri. Maso ankafiira ndi mankhwala a m'dziwemo, ndipo ana ake ankaganiza kuti madamu akumuliza. Chimene anachikonda ndi kugona chagada pamadzi. Poyamba ndinkamuikira dzanja pamsana, kenako tsiku lina ndinalichotsa osamuuza, iye nkumangoyandama, maso kumwamba. Anati chikwatiwireni sanagonepo masana, ndipo sanadziwe kuti mitambo imayenda. Ndinkachita kumukalipira kuti adzuke, sitinabwere kudzagona.

Loweruka lomaliza la mwezi linafika. Madamu Kasoma ndinawaona bwino tsiku limenelo. Mayi wamtali, wa ku Kopala, wa magalasi, wantchito ya muofesi, wolankhula mofulumira. Anali atatenga chigubu cha malita asanu, nkudzazamo madzi ndi mchenga pang'ono, nkuchiveka diresi la Lombe. Anati achiponya kwakuya, ndipo Asiyatu asatsike pa masitepe, alumphe pomwe waima.

Asiyatu anali akuvala m'kachipinda ka antchito pamene ndinamva mawu a amuna. Bwana sanapite kokayenda monga tinkayembekezera. Anatuluka ndi mlamu wake, aliyense botolo m'manja, nkukhala pamipando pansi pa mtengo. Asiyatu anatsegula chitseko, nkuwaona, nkuima. Ndinaona dzanja lake likubwerera ku chitseko. Ine ndinamusiya asankhe yekha, thupi ndi lake. Anadziyang'ana kuyambira kumapazi. Anagwira mabatani m'chiuno limodzi limodzi, anakoka manja a malaya mpaka pa mfundo za dzanja, anagwira chipewa pachibwano. Kenako anayenda.

Bwana ataona mitundu ija anaseka mpaka kutsamwa. Anati timu yonse yabwera, ndipo Asiyatu atatembenuka iwo nkuona naini uja, mlamu wake anati ameneyu ndiye womwetsa zigoli. Asiyatu sanawayang'ane. Madamu anaponya chigubu. Chinagwa kwakuya, nkuyamba kumira pang'onopang'ono, kadiresi kakuyandama.

Asiyatu ananena Bisimila, nkulumpha. Kulumpha kwake kunali kwa thumba la ufa logwa pa wilibala, madzi mpaka anafika kwa bwana. Anamira, nkutuluka, chipewa chili pamalo pake, malaya ali pansi. Anakumba madzi mpaka pamene panali chigubu, nkulowetsa mutu monga ankachitira m'dishi, nkuchigwira kadiresi. Apa ndi pamene ndinazindikira kulakwa kwanga kwachiwiri. Sitinayesepo kusambira dzanja limodzi litanyamula kanthu. Galu amafuna manja onse awiri. Anayesa kupalasa ndi limodzi, nkumangozungulira pamodzimodzi. Anamira kamodzi. Anatuluka akutsokomola, chigubu atachikweza m'mwamba, nkumiranso. Kuseka kuja kunatha. Bwana anaimirira. Ine ndinali nditagwira kale chimtengo cha neti.

Atatulukanso anandiona ndi chimtengocho, nkupukusa mutu. Kenako anadzigwetsa chagada. Anaika chigubu pachifuwa, manja onse awiri atachikumbatira, mutu wa chigubu uli pansi pa chibwano chake, mmene amagonekera Lombe akamavuta tulo. Ndiye anayamba kumenya miyendo. Ankapita mokhota, osaona kumene akupita, pang'onopang'ono, mpaka mutu unagunda khoma. Anagwira m'mphepete ndi dzanja limodzi, nkukankhira chigubu pamtunda choyamba. Atatuluka iye, akupuma ngati wathamangitsidwa, ananyamula chigubu chija nkuchiika paphewa, nkumachisisita kumsana. Sanadziwe nkomwe kuti akuchita zimenezo.

Palibe anaseka. Mlamu uja anaika botolo pansi.

Ine nthawi yonseyi diso lina linali pa madamu. Chiyambireni mayi uja sanapondepo pa simenti ya m'mbali mwa dziwe. Chigubu anaponya ali pa kapinga, patali, Lombe atamupanikiza pachifuwa mpaka mwana kulira. Ndinawafunsa, pajatu ine sindidziwa kusunga funso.

"Madamu, nanga inuyo mumatha?"

Anachotsa magalasi nkuwapukuta ndi malaya. Anati ayi. Dziwe analipeza ndi nyumba, bwana amakana kulikwirira, ndipo iwo ngakhale kuviika phazi amaopa. Anati usiku amalota mwana ali pansi pa madzi, iwo ataima m'mbali ngati wantchito wa pa yadi ija. Atanena zimenezi anapereka Lombe kwa Asiyatu, wonyowa choncho, nkumuuza kuti Mande abwere monga mwa masiku onse.

Tikunyamuka anatiitanira kukhitchini, kumene amuna sangamve. Anagwira nsalu ya chovala chija, nkuitembenuza, nkuona mabatani. Anati chibadwire Lombe thupi lawo linasintha, ndipo kachovala kaja ka m'sitolo iwonso sangavale pamaso pa alamu. Anafunsa ngati tingasoke china cha msinkhu wawo, cha mtundu umodzi, chopanda nambala. Ndinawauza kuti kusoka tisoka, koma wowaphunzitsa akhala Asiyatu, ine mawondo anga atopa ndi mtunda wa ku Kabulonga.

M'mawa mwake linali Sande. Ndinapita pampopi molawirira kuti ndisachedwe kutchalitchi, ndipo ndinapeza mzere wa ndowa, azimayi onse maso ali kumodzi. Asiyatu anali atayanika chovala chija pa waya wa kutsogolo, osati kuseri kumene amayanika masiku onse. Buluku, malaya ndi chipewa chake, naini akuyang'ana kumsewu. Ba Twaibu anali pampando pansi pake ngati mlonda. Asiyatu anabwera ndi ndowa yake, diresi lofika m'mapazi, maso ofiirabe. Ba Felistus sanadikire kuti apereke moni. Anafunsa kuti nanga bakha wathu zinayenda bwanji, ndipo mabwana anaona zotani.

Asiyatu anaika ndowa pamzere, nkukonza mpango.

"Nchito ilipo, mailo nibwelela," anatero. "Manzi namwa, ba Felistus, kapena ndowa ibili, sininganame. Bamuna benzeko babili, banaseka maningi. Koma vamene banaona ni vamene muona imwe pa waya apo. Olo chigongono changa sibachiziba. Manje mvula ili pafupi, na migodi ya kuseli uku izazula manzi, bana bangagwelemo. Wamene ali na mwana mkazi afuna aphunzile, abwelese majezi yasanu. Manati musabwelese."